Satifiketi Kapena Zaka Zogwira Ntchito: Kusankha Katswiri Wodziimira Payekha wa Makina a Linux

Maofesi ambiri ang'onoang'ono m'Malawi muno, monga makoleji a mipingo, zipatala za mishoni, ma SACCO ndi mabungwe omwe si a boma, ali ndi seva (kompyuta yosunga mapulogalamu ndi mafayilo a ofesi yonse) imodzi kapena ziwiri zoyendera Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga imachitira Windows, koma alibe ndalama zolembera munthu wa zamakompyuta wokhazikika amene angakhale pa mpando mwezi wonse kudikira kuti china chake chiwonongeke. Chimene amachita n'kuitana katswiri wodziimira payekha, uja amayenda ndi laputopu m'chikwama n'kumalipidwa pa ntchito imene wagwira kapena pa mgwirizano wa miyezi ingapo. Mutu umakula tsiku losankha munthuyo. Pa tebulo pamakhala makalata awiri: wina ali ndi masatifiketi atatu a mabungwe akunja koma wangomaliza kumene sukulu, pamene winayo alibe pepala lililonse la Linux koma akuti wakhala akusamalira maseva kwa zaka 8. Mkulu wa ofesi, amene mwina ntchito yake ndi yowerengera ndalama kapena ya uphunzitsi, alibe njira yodziwira payekha kuti waluso ndi uti. Funso lomweli limavutanso mnyamata kapena mtsikana amene akufuna kuyamba ntchito imeneyi, chifukwa ayenera kusankha ngati ndalama zochepa zimene ali nazo azilowetse ku mayeso kapena agulire kompyuta yakale yophunzirirapo.

Nkhaniyi imalemera kwambiri pa mapulogalamu a open source kusiyana ndi pa mapulogalamu ogula. Awa ndi mapulogalamu amene khodi yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo, ili poyera, moti aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kugawira ena, ndipo nthawi zambiri palibe laisensi yolipira. Linux inayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero ndi imene yasenza zinthu zambiri zimene timagwiritsa ntchito kuno osazindikira. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, inachokera ku University of Oslo. Moodle ndi imene masukulu aukachenjede ambiri amaikapo maphunziro. Koha ndi ya m'malaibulale. Ubwino wake ndi wakuti simulipira kampani chaka ndi chaka, koma zinthu zikaima palibenso kampani imene ili ndi udindo wokuyankhani foni. Ndalama imene mwapulumutsa pa laisensi imapita kwa munthu wosamalira makinawo, choncho posankha munthuyo m'pamene mukugula kwenikweni.

Masatifiketi a Linux sali mtundu umodzi

Olemba ntchito ambiri amawerenga masatifiketi ngati akuwerenga mbuzi m'khola, kuti uyu ali nawo atatu, uyo ali nayo imodzi, basi wa atatu wapambana. Koma mayeso a Linux ali m'magulu awiri amene amayesa zinthu zosiyana. Gulu loyamba ndi la mafunso osankha yankho kapena odzaza mawu pa mpata. Linux Professional Institute, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Canada mu 1999, limapereka LPIC-1 kwa munthu amene wakhoza mayeso awiri, 101 ndi 102, ndipo pepala lililonse lili ndi mafunso 60 oyankha m'mphindi 90. Satifiketiyi imagwira ntchito kwa zaka 5, ndipo simangirira munthu ku mtundu umodzi wa Linux. CompTIA Linux+ ili pafupi ndi gulu lomweli, ngakhale imasakaniza ndi mafunso ena ochita ndi manja, ndipo imatha pakapita zaka 3. Sitiyenera kuwanyoza mayeso oterewa, chifukwa silabasi yake ndi yotambalala ndipo imakakamiza munthu kuwerenga zinthu zimene akanazilumpha akanakhala kuti akudziphunzitsa yekha. Kufooka kwake n'kodziwika kwa aliyense amene analembapo mayeso a Fomu 4: munthu akhoza kuloweza n'kukhoza. Pa intaneti pamapezeka mafunso obedwa amene anthu amagulitsana, ndipo amene waloweza mayankho ake kwa masabata atatu angathe kutuluka ndi pepala asanakonzepo seva ngakhale imodzi.

Gulu lachiwiri ndi la mayeso amene mulibe funso losankha yankho ngakhale limodzi. Pa mayeso a satifiketi ya RHCSA ya kampani ya Red Hat, wolemba mayeso amapatsidwa makina ndi mndandanda wa ntchito zoti agwire m'maola pafupifupi atatu, monga kutsegula maakaunti a anthu, kugawa disiki, kukonza netiweki ndi kukhazikitsa ntchito zoti zizichitika zokha pa nthawi yake, popanda intaneti yofufuzirapo, ndipo kuti akhoze ayenera kupeza mapointi 210 pa 300. Lamulo limene ine ndimalikonda kwambiri pa mayeso amenewa ndi lakuti zonse zimene munthu wakonza ziyenera kukhalabe m'malo mwake makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso. M'dziko limene magetsi amazima mosachenjeza, luso limeneli ndi limene limasiyanitsa ofesi imene m'mawa imangoyamba ntchito ndi ofesi imene imadikira katswiri mpaka masana. LFCS ya Linux Foundation, imene inayamba mu 2014, nayonso ndi yochita ndi manja, koma imalembedwa pa intaneti kwa maola awiri, woyang'anira akukuonerani pa kamera. Kuno kwathu zimenezi zikutanthauza chipinda chachete, intaneti yosadukaduka ndi magetsi odalirika kwa maola awiri athunthu, zinthu zimene munthu wokhala ku Ndirande kapena ku Kawale ayenera kuzikonzekera ngati mbali ina ya mayesowo. Amene ali ndi imodzi mwa ziwirizi wasonyeza kuti manja ake anagwirapo makina, ndipo kwa ine satifiketi imodzi yotere imalemera kuposa atatu a mafunso osankha.

Ngakhale zili choncho, funsani ngati pepalalo likugwirizana ndi makina amene muli nawo. RHCSA imaphunzitsa banja la Red Hat, limene limaika mapulogalamu ndi dnf n'kumatchinjiriza makina ndi SELinux, pamene Ubuntu ndi Debian, za banja lina la Linux, zimagwiritsa ntchito apt ndi AppArmor pa ntchito zomwezo, ndipo malangizo oikira DHIS2 amalimbikitsa Ubuntu LTS, mtundu wa Ubuntu wosamalidwa kwa nthawi yaitali. Munthu wanzeru sachedwa kuwoloka kuchoka ku banja lina kupita ku linzake, koma ndi bwino kudziwiratu kuti adzakhala akuwolokera pa makina anu. Palinso masatifiketi okhala ndi mayina owala amene ofesi yaing'ono ilibe nawo ntchito: CKA ya Kubernetes, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu pa maseva ambiri nthawi imodzi, ndi mayeso ovuta ndi olemekezeka, koma kwa ofesi ya seva imodzi zili ngati kubwereka lole kuti inyamule thumba limodzi la chimanga. Kenaka pali mtengo. Mayeso ochita ndi manjawa amadya madola mazana angapo, olipira pa khadi, m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa ndiponso limene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo RHCSA imafunika kuikonzanso pakapita zaka 3. Choncho munthu wa kuno akakhala wopanda satifiketi, kawirikawiri chimene chasowa ndi madola, ndipo zimenezo sizikukuuzani kanthu za luso lake.

Zimene zaka zimaphunzitsa, ndi zimene zimabisa

Ndinaitanidwapo ku ofesi ina imene seva yake inali m'chipinda chosungiramo katundu, pakati pa makatoni a mapepala ndi zidebe za penti, italumikizidwa ku UPS, bokosi lopitiriza kupereka magetsi akazima, imene batire yake inafa kalekale. Magetsi anali atazima usiku, ndipo atabwera m'mawa seva inakana kumaliza kuyaka, inangoima pa sikirini yakuda ikufunsa mawu achinsinsi a root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makinawo. Chifukwa chake chinali chaching'ono mochititsa manyazi: disiki yakunja yosungira backup (makope a mafayilo obwezeretsera zinthu zikawonongeka) inalembedwa mu fstab, fayilo yonena madisiki amene makina amafuna poyaka, ngati chinthu chimene makina sangayake popanda icho, ndipo wina anali ataizula kuti atchajire foni pa bowo la USB. Zimenezo tinakonza m'mphindi zochepa. Chimene chinatiziziritsa nkhongono ndi chimene tinapeza titatsegula disikiyo. Mafayilo a backup analipo atandandalika bwinobwino, tsiku lililonse ndi deti lake, koma chinali chikomekome cha mkuyu, pakuti onse a miyezi inayi yomaliza anali opanda kanthu m'kati. Mawu achinsinsi a database, nkhokwe ya uthenga wonse wa ofesiyo, anali atasinthidwa, koma kapulogalamu kokopera usiku kankagwiritsabe ntchito akale, n'kumalephera mwakachetechete. Mnyamata amene anaika zonsezi poyamba anali ndi satifiketi yabwino, ndipo pa tsiku limene ankaziika sanaphwanye lamulo lililonse la m'buku. Chimene anali asanakumane nacho ndi tsiku lobwezeretsa zinthu kuchokera mu backup abwana ataima kumbuyo kwake akupumira m'khosi, ndipo munthu amene tsiku lotere linamuonekerapo kamodzi sakhulupiriranso fayilo imene sanaitsegule yekha.

Zaka zimaphunzitsanso kuyeza zinthu zimene sizili m'silabasi. Anthu ambiri anaika CentOS 8, mtundu waulere wa Linux wa banja la Red Hat, akudziwa kuti idzasamalidwa mpaka 2029, koma mu Disembala 2020 kunalengezedwa kuti chisamalirocho chitha kumapeto kwa 2021, ndipo anthu anayamba kusamukira ku Rocky Linux ndi AlmaLinux mothamanga. CentOS 7 nayo inafika kumapeto pa 30 Juni 2024. Katswiri amene anadutsa m'nyengo imeneyo saika mtundu wa Linux chifukwa chongoukonda. Amayamba wafunsa kuti ndani akuusamalira ndiponso mpaka liti, ndipo akaika Ubuntu LTS, imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kumalandira zigamba zachitetezo zaulere kwa zaka 5, amakuuzani chaka chimene mudzafunike kusamuka kuti muikiretu mu bajeti. Pali khutu lina limene limabwera ndi kukhalitsa pa makina. Mu Malichi 2024, injiniya wotchedwa Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi limene linabisidwa mu pulogalamu ya xz, ndipo china chimene chinamukayikitsa n'chakuti kulowa m'makina kudzera pa SSH, njira yolowera m'seva uli patali, kunkachedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Palibe mayeso amene amafunsa zimenezo.

Koma mawu akuti zaka 8 ndi osavuta kulemba pa CV, ndipo ngakhale atakhala oona, zaka sizisankha zimene zikuphunzitsa. Wodziphunzitsa yekha amadziwa mozama mavuto amene anakumana nawo, koma amakhala ndi mabowo pa zinthu zimene sizinamugwerepo, ndipo njira yachidule imene inamupulumutsa tsiku lina imasanduka chizolowezi. Ndinalowapo m'malo mwa katswiri wina wotchuka amene anasamalira makina a bungwe lina kwa nthawi yaitali asanapite ku Joni. Makina ankayenda ndithu, koma firewall, mpanda wotchinga olowa m'makina kuchokera kunja, inali yozimitsa, mafoda ambiri anali otsegukira aliyense kulembamo chifukwa cha lamulo la chmod 777 limene ankagwiritsa ntchito, ndipo ntchito zonse ankazigwira atalowa ngati root. Panalibe pepala ngakhale limodzi lofotokoza zimene anachita. Dzina la webusaiti ya bungwelo linalembetsedwa pa imelo yake, ndipo tinatha masabata tikumufunafuna pa WhatsApp kuti atithandize kulibweza. Sankafuna kuchitira aliyense nkhanza. Anangozolowera kuti zonse zili m'mutu mwake ndipo iye alipo. Zolakwika zoterezi ndi zimene silabasi ya mayeso imachotsa msanga, ndipo apa m'pamene satifiketi imaposa zaka.

Umboni wa mtundu wina

Open source ili ndi njira yachitatu imene ntchito zambiri zilibe, ndiyo umboni woonekera poyera. Munthu amene anakonzapo cholakwika mu pulogalamu n'kutumiza pa GitHub kapena GitLab (mawebusaiti osungirapo khodi), amene analembapo lipoti lomveka la vuto limene anapeza, amene amayankha mafunso a anzake m'gulu la ogwiritsa ntchito DHIS2, kapena amene anadutsa mu ndondomeko zophunzirira ntchito ya open source monga Google Summer of Code kapena Outreachy, wasiya mapazi amene aliyense angawatsate. Umboni umenewu sugulidwa ndi madola ndipo sutha pakapita zaka 3, komanso umasonyeza mmene munthu amalembera ndi mmene amalandirira kudzudzulidwa, zinthu zimene zidzakukhudzani tsiku limene mwasiyana naye maganizo. Malire ake ndi akuti ntchito yosamalira maseva siionekera poyera ngati yolemba mapulogalamu. Katswiri wabwino sangaike pa intaneti mmene anakonzera makina a chipatala, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 likuika udindo pa aliyense wosunga uthenga wa anthu. Amene akukuonetsani zinsinsi za kasitomala wake wakale pofuna kukukopani wakuuziranitu zimene adzachite ndi zanu.

Digiri kapena dipuloma ya ku MUBAS, UNIMA, MUST kapena Mzuni imapereka maziko a netiweki, database ndi kalembedwe ka mapulogalamu, ndipo ndi imene mabwana ambiri amaimvetsa, koma payokha sikutanthauza kuti munthu anasamalirapo seva. Maphunziro a pulogalamu imodzi, monga a DHIS2 Academy, ndi othandiza ngati ntchito yanu ndi pulogalamu yomweyo, bola mufunse ngati anaphunzira zosamalira seva kapena zokonza mafomu ndi malipoti, chifukwa ndi maluso awiri osiyana.

Kulemera kwa umboni uliwonse kumadaliranso msika umene munthu akugulitsako luso lake. Pa matenda a boma, amene amayenda motsatira malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndi pa ntchito za mabungwe othandiza, komiti imapereka mapointi pa zinthu zimene ingazione pa pepala, choncho digiri, satifiketi ndi zikalata za msonkho za ku MRA ndi zimene zimakulowetsani pakhomo, ndipo luso losalembedwa silifika n'komwe pa tebulo. Pa misika ya pa intaneti monga Upwork, kasitomala wa ku London kapena ku Johannesburg amayang'ana kwambiri ndemanga za amene munawagwirirapo kale ntchito, ndipo satifiketi imathandiza makamaka poyamba pamene mulibe ndemanga iliyonse. M'tauni mwathu muno ntchito zambiri zimayenda pakamwa: mkulu wa sukulu amafunsa mnzake wa sukulu ina kuti amawakonzera ndani, ndipo palibe amene amafunsa za LPIC-1.

Kwa amene mukufuna kulemba munthu

Maganizo anga ndi akuti musasankhe pakati pa makalata awiri aja pongowawerenga. Patulani ndalama ya theka la tsiku, muitane aliyense payekha, mumupatse backup ya usiku wathawu ndi kompyuta ina yopanda ntchito, n'kumupempha kuti autsepo dongosolo lanu lonse ndi kulemba tsamba limodzi lofotokoza zimene wachita m'mawu amene inu mungamve. Achitire mu ofesi mwanu momwemo atasainira kuti asunga chinsinsi, ndipo mumulipire ngakhale musamutenge, chifukwa ndi ntchito. Mudzaona amene amawerenga uthenga wa cholakwika modekha ndi amene amangoyesa izi ndi izi. Mwinanso mudzatulukira kuti backup yanuyo n'njopanda kanthu, ndipo ndalama yanu idzakhala itabwerera pomwepo. Mufunseni za tsiku limene iye mwini anawononga chinthu ndi mmene anachikonzera. Wogwira ntchito weniweni amakhala nayo nkhani yotere ndipo amaifotokoza mwatsatanetsatane, pamene wonena kuti sanalakwitsepo ndi woti mumukayikire. Poimbira foni amene anawagwirirapo ntchito, musangofunsa ngati ndi munthu wabwino, koma mufunse mmene zinthu zinayendera iye atachoka kapena atadwala.

Onse awiri akachita bwino, ine ndingatenge wa zaka ngati ali ndi chizolowezi cholemba zimene wachita, ndipo ndingatenge wa satifiketi yochita ndi manja ngati wa zakayo akuoneka kuti amasunga zonse m'mutu. Aliyense amene mwatenga, mgwirizano unene kuti mawu achinsinsi onse azisungidwa mu envulopu yomata m'sefa ya ofesi n'kumasinthidwamo akasintha, kuti dzina la webusaiti ndi maakaunti onse zilembetsedwe m'dzina la bungwe, kuti kubwezeretsa backup kuziyesedwa miyezi itatu iliyonse inu mukuona, ndiponso kuti atchule mnzake amene angabwere iye akatanganidwa, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo wodziimira payekha naye amapita kumaliro.

Kwa amene mukuyamba ntchitoyi

Ngati ndalama zili zokwana chinthu chimodzi chokha, yambani ndi makina. Kompyuta yakale yokhala ndi memory yokwanira ingathe kunyamula maseva angapo oyeserera kudzera mu mapulogalamu a VirtualBox kapena KVM, ndipo Debian, Ubuntu ndi Rocky Linux zonse ndi zaulere. Mitu ya mayeso a RHCSA, LFCS ndi LPIC-1 imafalitsidwa poyera ndi eni ake, choncho mungaitsatire mutu ndi mutu ngati silabasi yanu musanalipire kalikonse, ndipo mukatero mudzatseka mabowo aja a wodziphunzitsa yekha. Ikani Moodle kapena Koha, muiwononge dala, muzule chingwe cha magetsi ili m'kati molemba, kenaka muiutse. Pezani sukulu, mpingo kapena laibulale yapafupi imene ingakuloleni kuisamalirira makina pa mtengo wochepa, ndipo pomaliza mupemphe kalata yofotokoza ntchito imene munagwira, yokhala ndi chidindo ndi nambala ya foni ya ofesi. Mayeso mudzalipire pamene mwaona ntchito kapena tenda imene ikuwafuna, ndipo musankhe ochita ndi manja a banja la Linux limene makasitomala anu ali nalo. Ngati ndi olembera pa intaneti, pezani malo okhala ndi jenereta kapena sola, ndipo mukayeseretu intaneti yake ndi kamera yanu dzulo lake pa ola lomwelo limene mudzalembe.